Bokosi la mtundu pa fomu ya apolisi

Ndimagwira ntchito yosanthula ziwerengero ku ofesi ina ya apolisi kuno ku England. Sindivala yunifolomu. Changa n'kulandira zomwe apolisi alemba akaimitsa munthu pamsewu n'kumusecha, kenako kuzisanja pa kompyuta.

Sabata ino yandithera pa bokosi la mtundu wa munthu. Fomu yake ili ndi malo awiri. Pena wapolisi amalemba mmene akumuonera munthuyo, ndi makodi monga IC1 ya mzungu kapena IC3 ya munthu wakuda. Penapo amayenera kufunsa mwiniwake kuti anene yekha. Lolemba ndi Lachiwiri ndinakhalira kulondola mafomu omwe malo achiwiriwa anasiyidwa opanda kanthu. Ukaimbira foni wapolisi amene analemba fomuyo, yankho limakhala lomwelo: munthuyo anakana kuyankha. Nthawi zina n'zoona, chifukwa amene akupisidwa m'matumba anthu akuona sakhala ndi mtima woyankha mafunso. Nthawi zina sanafunsidwe n'komwe.

Anzanga ena akuda amadana nalo bokosili, amati likungotipaka matope. Ndimawamvetsa, koma sindigwirizana nawo. Ku France lamulo la 1978 limaletsa kwambiri kusunga mitundu ya anthu m'kaundula, pomwe kuno lamulo la 1991 linalamula boma kumatulutsa ziwerengerozi pofuna kupewa tsankho. Stephen Lawrence, mnyamata wakuda, ataphedwa ndi achinyamata achizungu ku London mu 1993, lipoti la 1999 la woweruza wopuma Macpherson, yemwe anafufuza mmene apolisi anayendetsera mlanduwo, linapeza tsankho lozika mizu mu polisi ndipo linati aliyense woimitsidwa azilembedwa pamodzi ndi mtundu wake. Popanda zimenezi, madandaulo athu bwenzi akungotchedwa nkhambakamwa.

Lachitatu madzulo tinali ndi msonkhano ndi anthu a m'dera omwe amaunika ntchito ya apolisi. Bambo wina wachikulire anaimirira atagwira pepala. Anati poti anthu akuda amasechedwa pafupifupi kanayi kuposa azungu, ndiye kuti umbava uli kwa iwo. Sanalankhule mwachipongwe, amakhulupiriradi zimenezo, ndipo n'zomwe zinandipweteka mtima. Ndinawauza kuti chiwerengerocho chikunena za omwe aimitsidwa, osati omwe khoti lawapeza olakwa, ndiponso kuti mwa anthu khumi osechedwa, pafupifupi asanu ndi awiri amangouzidwa kuti azipita, popanda mlandu. Msodzi akamaponya khoka pa dooko limodzi tsiku ndi tsiku, nsomba zomwe akugwira sizingatiuze za nyanja yonse. Bamboyo anapinda pepala lake n'kunena kuti akaganizira.

Koma kubisa ziwerengerozi si mankhwala ayi. Mu June 2025 Baroness Casey, mayi yemwe boma linamutuma kufufuza nkhani zogwiririra ana, anapeza kuti pa milandu ya magulu ogwiririra ana, mtundu wa anthu awiri mwa atatu alionse oganiziridwa sunalembedwe. Pamene boma lasiya mpata, mphekesera zimalowapo. Tinaziona mu July 2024, ana atatu ataphedwa m'tawuni ya Southport kuno ku England: bodza loti wakuphayo ndi Msilamu wofuna malo othawirako linafala pa intaneti, anthu n'kuyamba kugenda mizikiti ndi mahotela ogona othawa kwawo, chikhalirecho mnyamatayo anabadwira ku Cardiff, kuno ku Britain.

Lachisanu ndinapereka lipoti kwa abwana. Ndinapempha kuti fomu isamavomerezedwe bokosilo likakhala lopanda kanthu, komanso kuti pambali pa chiwerengero cha osechedwa a mtundu uliwonse tiziika cha omwe apezekadi ndi kanthu. Loyamba avomera. Lachiwiri ati tikambirana mwezi wamawa.