Chammwamba ndi cheza cha radiotherapy (chithandizo cha khansa chogwiritsa ntchito cheza)

Cheza cha X-ray kapena gamma chikalowa m'selo, nthawi zambiri chimayamba n'kuphwanya madzi a m'selomo. Pamatuluka tizidutswa tolusa totchedwa hydroxyl radical, ndipo ndito timadula DNA, yomwe imasunga malangizo a selo. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a chiwonongekocho amadzera njira imeneyi. Masamba a chammwamba ali ndi mankhwala achilengedwe otchedwa quercetin ndi kaempferol, omwe amatha kugwira tizidutswato.

Poyesa mu labotale ngati chammwamba chingateteze maselo ku cheza, masamba amaumitsidwa pamthunzi, chifukwa dzuwa limawononga mankhwalawa. Kuno ku Zomba nyengo ya mvula masamba amachita nkhungu msanga, choncho ayaleni mopyapyala podutsa mphepo. Ufa wokwana magalamu 100 umaviikidwa mu lita imodzi ya ethanol (mowa wa mu labotale) wa 70% kwa maola 72, kenako n'kusefa. Pophwetsa ethanol m'madzi osefedwawo, kutentha kusapitirire madigiri 40 a Celsius.

Madzi a chammwambawo amathiridwa m'maselo oyera a magazi cheza chisanawombe. Mukathira pambuyo pake mwachedwa, popeza tizidutswa tija sitikhalitsa ngakhale sekondi imodzi. Maselo amawombedwa ndi cheza cha 2 Gy (Gy ndi muyeso wa cheza), amapatsidwa cytochalasin B (mankhwala oletsa selo kumaliza kugawikana) pa ola la 44 chiyambireni kuwakuza m'botolo, ndipo pa ola la 72 mumawerenga tizibenthu ta makromozomu (timitolo ta DNA) m'maselo 1,000, tomwe timasonyeza kuwonongeka kwa DNA. Mlingo wa madzi a chammwambawo ukachuluka, paokha amapha maselo, choncho pamafunika botolo lina losawombedwa loyerekezera.

Zotsatira za m'botolo si umboni woti munthu atetezeka. Choteteza selo labwino chingatetezenso chotupa, n'chifukwa chake wodwala khansa amene akulandira radiotherapy asayambe kumwa ufa wa chammwamba wambiri asanawauze adokotala ake.