Zikomo achimwene a pa Dedza boma

Ndikuthokoza achimwene awiri okonza makompyuta pafupi ndi msika wa pa Dedza boma. Mayina sinditchula, akudzidziwa okha.

Motherboard (bolodi yaikulu ya m'kati mwa kompyuta) yakale imene ndinagula pa kaunjika inkayaka bwinobwino, koma mawu zii. Komanso ndikangozimitsa, deti ndi nthawi zinkasokonekera.

Za detizo sanachedwe nazo: batire la CR2032 losunga zokonza za BIOS (pulogalamu ya pa bolodi imene imayatsa kompyuta) linali litatha, analisintha. Mawu ndiwo anavuta. Madiraiva a Realtek (mapulogalamu oyendetsa mawu) analowa, mu BIOS zonse zili bwino, sipika ili pa bowo lobiriwira, komabe chete. Wamkuluyo anatenga tochi ya foni n'kuunika timapini ta AC'97 tolumikizira mabowo a mawu a kutsogolo kwa kompyuta. Tizipewa tiwiri tolumikiza pini 5 ndi 6, komanso 9 ndi 10, panalibe. Popanda timeneti mawu safika pa bowo lobiriwira la kumbuyo kwa kompyuta. Anatizula pa bolodi yakufa n'kutivekapo, nyimbo n'kulira pompo.

Nditapempha kuti aikenso BIOS yatsopano anakana, ati magetsi akathima ntchitoyo ili mkati bolodi imatha kufa. Ndi mmene amathimira kuno, nzeru zimenezo.

Analandira ya batire yokha. Mulungu akudalitseni, achimwene.