Zikomo nonse, mnyamata wathu wabwerera pamadzi

Abale ndi alongo, Loweruka lapitali mwana wathu wachisamba wapalasanso bwato pampikisano ku Lee Valley, malo a masewera apamadzi kufupi ndi London, koyamba chigulukireni phewa chaka chatha. Sanapambane ayi. Anakhudza mageti awiri, ndipo pa masewera a slalom, opalasa bwato modutsa pakati pa timitengo tolendewera pamwamba pa madzi totchedwa mageti, kukhudza geti kamodzi amakuwonjezera masekondi 2, ukaliphonya ndiye 50. Koma anatsika madzi olusa aja mpaka kumapeto, ife kumtunda mawu atasasa ndi kukuwa.

Tikuthokoza aphunzitsi ake, omwe miyezi yonse ya kuchira ankamuyimbira foni ngakhale sankabwera kokonzekera. Amayi amafizo, inu munapirira ukali wa mnyamata amene ankalephera ngakhale kuvala malaya yekha, Mulungu akudalitseni. Amalume ake omwe ankamutenga m'bandakucha m'nyengo yozizira, bwato lili pamwamba pa galimoto, sitikudziwa tikubwezereni chiyani. Amayi akumpingo, ndiwo zija zinafika.

Pali wina amene satidziwa n'komwe koma tiyenera kumutchula, Joe Clarke. Ambiri muwerenga dzinali n'kufunsa kuti ndani ameneyo, ndipo ine pamenepo mpamene pamandipweteka. Munthuyu anatengera dziko la Britain mendulo ya golide ku Olimpiki ya ku Rio mu 2016, koma anzanga akuntchito, amene amaloweza mayina a osewera mpira mpaka okhala pabenchi, sanamumvepo. Masewerawa amaoneka pa TV kamodzi pa zaka zinayi, kwa mphindi imodzi ndi theka, basi anthu aiwala.

Chimene chinagwira mtima mwana wathu ndi zomwe zinachitika golideyo atapita. Pa Olimpiki ya ku Tokyo dziko lililonse linkatumiza munthu mmodzi pagulu lake, ndipo Clarke, katswiri woteteza ulemu wake, anasiyidwa. Malowo anatenga Bradley Forbes-Cryans. Wina akanapachika nkhafi. Koma Clarke anapitiriza, mu 2023 n'kukhala katswiri wa dziko lonse pamadzi omwewa a Lee Valley, kenako ku Paris mu 2024 anatenga siliva pa kayak cross, mtundu uja anthu anayi amagwera m'madzi limodzi kuchokera pamwamba n'kumakankhana. Masiku amene mwana wathu ankati zamabwato wasiya, dzanja lili pachifuwa m'kansalu, tinkamupeza usiku akubwereza kanema wa 2023 uja pafoni, kuyang'ana mmene Clarke amazungulira geti lofiira, lolowera mobwerera kumtunda kwa madzi. Ndi geti lotero lomwe linamugulula phewa mwana wathuyo.

Kwa inu amene munasonkha ndalama ya nkhafi yatsopano, yafika ndipo ndi imene anapalasira. Mpikisano wotsatira tikudziwitsani tsiku pagulu lathu la WhatsApp. Obwera mudzavale zofunda, m'mbali mwa madzi muja mumazizira koopsa.