Chidede, adyo ndi makapusozi: zimatsitsa BP mpaka pati?

M'mafamase a ku Limbe ndi m'tauni ya Blantyre muno, mashelefu a mankhwala owonjezera m'thupi, aja timangoti ma supplement, akunka nakula. Ena akutsatsidwa pa WhatsApp, ena amayenda m'zikwama m'maofesi nthawi ya nkhomaliro. Ogula ambiri ndi anthu a BP, ndipo n'zosadabwitsa: kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti m'Malawi muno munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 magazi ake amathamanga mopitirira. Funso la ogulawa limakhala limodzi: "Ndikamamwa izi, ndingasiye mapiritsi a kuchipatala?" Ayi, ndipo chifukwa chake chili m'manambala.

BP imatchedwa yokwera ikafika 140/90. Munthu amene ali pa 165/100 akufunika kutsika ndi 25 kapena 30 pa nambala yam'mwamba. Piritsi limodzi la amlodipine kapena HCTZ limatsitsa ndi 10 kapena cha pamenepo, n'chifukwa chake ambiri amapatsidwa mitundu iwiri kapena itatu. Ma supplement amene ali ndi umboni wabwinoko amatsitsa ndi 2 mpaka 8. Ndi thandizo lenileni, koma la pamwamba pa mankhwala. Wosiya amlodipine n'kugwira botolo la adyo wasiya khasu n'kumalima ndi supuni.

Chomwe chili ndi umboni wolimba kuposa zonse ndi potaziyamu. Amathandiza impso kutaya sodiyamu, mchere uja umasunga madzi m'thupi, komanso amafewetsa mitsempha. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azipeza mamiligalamu 3,510 patsiku, pomwe mchere usapitirire magalamu 5, ndiye kuti kasupuni ka tiyi kamodzi pa zakudya zonse za tsikulo. Mapiritsi ambiri a potaziyamu ogula popanda chikalata cha dokotala amakhala ndi mamiligalamu 99 okha. Nthochi imodzi ya pa msika wa Ndirande ili ndi pafupifupi 400. Onjezani nyemba, nandolo, mbatata, kachewere, peyala, bonongwe ndi nkhwani, mwadutsa kale botolo lija pa mtengo wochepa. Masamba musawaphike m'madzi ambiri n'kukhetsa, poti potaziyamu amapita ndi madziwo. Therere la soda wa m'sitolo nalo limalowetsa sodiyamu mwakachetechete, chimodzimodzi timabuloko tokometsera ndiwo.

Palinso mchere wosakaniza, umene mbali ina ya sodiyamu anaichotsa n'kuikamo potaziyamu. Ku China anauyesa pa anthu pafupifupi 21,000 m'midzi 600, ndipo zotsatira za 2021 zinaonetsa kuti sitiroko inachepa ndi 14 pa 100. Koma apa ndi pomwe pali ngozi yoyamba. Mankhwala ena a BP, enalapril, losartan ndi spironolactone, amasunga potaziyamu m'thupi. Impso zofooka, zomwe n'zofala kwa anthu a BP ndi shuga, zimalepheranso kumutulutsa. Potaziyamu akachuluka m'magazi nthawi zambiri sachenjeza. Munthu amangomva kufooka, kenaka mtima umasokonekera kagundidwe ndipo ukhoza kuima. Amene akumwa mankhwala atatuwa, kapena anauzidwapo kuti impso zili ndi vuto, asagule mapiritsi a potaziyamu kapena mcherewu asanayezetse magazi a impso. Wa HCTZ nkhani yake ndi yosiyana, chifukwa HCTZ imataya potaziyamu.

Chidede ndiye timachikonda, poti n'chathu ndipo sichidula. Ku yunivesite ya Tufts ku America, anthu amene BP yawo inali itangoyamba kukwera anamwa makapu atatu patsiku kwa milungu 6, nambala yam'mwamba n'kutsika ndi 7. Kapangidwe kake: kasupuni kamodzi kodzaza ka chidede chouma m'kapu ya madzi owira, vundikirani mphindi 6 mpaka 10, sefani. Vuto limabwera pa shuga. Chidede n'chowawasa, ndiye ambiri amathira masupuni atatu pa kapu, kutanthauza masupuni 9 patsiku, ndipo phindu lathawira pomwepo. Chizolowereni chopanda shuga, chozizira chimamweka bwino. Amayi oyembekezera achipewe. Amayiwa BP ikakwera, ndi nkhani ya ku sikelo tsiku lomwelo, ndipo kashiamu amene WHO imalimbikitsa pa nthawiyi apereke ndi anamwino.

Adyo amathandiza ena, ena ayi. Kumene anaoneka kuti akugwira ntchito kunali pa mapiritsi a mamiligalamu 600 mpaka 1,200 patsiku, kwa miyezi iwiri kapena itatu. Kutafuna adyo wamuwisi m'mimba mulibe kanthu kumayambitsa chilungulira, ndipo mphamvu yake imasiyana mutu ndi mutu. Mapiritsi a adyo amachedwetsanso magazi kuundana, kotero amene akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, asawakhudze, ndipo amene akukonzekera opaleshoni awasiye kutatsala milungu iwiri.

Beetroot imagwira ntchito mwa njira ina. Ili ndi nitrate, amene tizilombo tabwino ta m'kamwa timamusintha, kenaka thupi n'kupanga mpweya wotsegula mitsempha. Ku London, kapu imodzi ya mamililita 250 ya madzi ake patsiku kwa milungu inayi inatsitsa BP ndi pafupifupi 8. Mankhwala otsukira m'kamwa opha tizilombo amadula njirayi. Mkodzo ukafiira musaope, ndi mtundu chabe. Mukasiya kumwa, BP imabwerera m'masiku ochepa.

Maginiziyamu amatsitsa pang'ono, mwina ndi 2, ndipo akapitirira mamiligalamu 350 patsiku amatsegula m'mimba. Chifukwa chenicheni chomwe tamutchulira ndi ichi: anthu ambiri a ma ARV kuno ali pa TLD, ndipo m'menemo muli dolutegravir. Maginiziyamu, kashiamu, ayironi ndi zinki zimamata dolutegravir m'matumbo, osalowa mokwanira m'magazi. Munthu amamwa ARV mokhulupirika koma kachilombo n'kuyamba kuchulukana, iye osadziwa kuti wolakwa ndi botolo la mavitamini. Lamulo lake: imwani TLD maola awiri musanamwe zimenezi, kapena patapita maola 6 mutamwa. Uzani a ku kiliniki ya ART chilichonse chimene mwagula. Masamba a St John's wort, amene amapezeka m'mankhwala ena ochepetsa nkhawa, amafooketsa ma ARV komanso amlodipine.

Za mafuta a nsomba, werengani kumbuyo kwa botolo. Kapusozi yolembedwa 1,000 nthawi zambiri imakhala ndi mamiligalamu 300 okha a EPA ndi DHA, mafuta enieni amene amagwira ntchitoyo, pomwe kuti BP isunthe pamafunika magalamu 2 kapena 3 patsiku. Amenewo ndi makapusozi 7 kapena 10. Ndalama yake bola kugula usipa wosathira mchere wambiri. Cham'mwamba ndi ndiwo yabwino, koma umboni woti chimatsitsa BP mwa anthu ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mmene chimatamandidwira.

Musanawonjeze kanthu, yang'anani kaye zomwe zikukweza. Brufen ndi diclofenac, zomwe ena amamwa tsiku lililonse chifukwa cha msana, zimakweza BP ndi kupweteka impso. Mankhwala ena a chimfine otsegula mphuno amateronso. Liquorice wa m'matiyi ena a zitsamba amakweza BP n'kutaya potaziyamu. Mavitamini osungunula m'madzi, aja amachita thovu, amakhala ndi sodiyamu wambiri. Botolo lopanda mndandanda wa zomwe zili mkati, lopanda tsiku lothera mphamvu, kapena lolonjeza kuchiza BP, shuga ndi nyamakazi pakamodzi, lisiyeni. Ngati mukukayika, funsani wafamase kapena a PMRA, omwe ndi oyang'anira mankhwala m'dziko muno.

Amene wasankha kuyesa chimodzi mwa izi, ayese ngati munthu wofuna kudziwa zoona. Pezani makina oyezera a pamkono, osati a padzanja, lamba wake wokwana mkono wanu; lamba wamng'ono amaonetsa nambala yokwera. Khalani pansi mphindi 5, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, osayankhula. Khofi, fodya ndi ntchito yolemetsa zikhale zitadutsa theka la ola. Yezani kawiri m'mawa musanamwe mankhwala, kawiri madzulo, kwa masiku 7. Tsiku loyamba litayeni, otsalawo muwaphatikize n'kupeza nambala yapakati. Kunyumba malire ndi 135/85, osati 140/90 ya kuchipatala. Kenaka yambani chinthu chimodzi chokha, mapiritsi a kuchipatala osasintha, ndipo pakatha milungu 6 kapena 8 bwerezani kuyeza komweko. Ngati sipanasinthe, chisiyeni. Ngati mukumva chizungulire podzuka, mwina BP yatsika kwambiri, pitani ndi kabuku ka manambalako ku chipatala cha Zingwangwa, Ndirande, Bangwe kapena kulikonse mumalandirira mankhwala kuti akaone mlingo.

Makina akaonetsa 180/120, pumulani mphindi 5 n'kuyezanso. Ikakhala pomwepo, ndi ulendo wa kuchipatala tsiku lomwelo. Pakakhalanso mutu waukulu, kupweteka pachifuwa, kubanika, kuona mwachimbuuzi, pakamwa kupotoka kapena mkono kufooka, musawiritse chidede. Pezani galimoto, thamangirani ku Queens.