Mmene tinkayezera madzi a bambo ndi kapu

Bambo atayamba kubwebweta, tonse tinati basi, khansa ya m'mapapo ija yafika m'mutu. Kwa sabata yathunthu ankadandaula mutu ndi nseru, kenako usiku wina anagwa pochokera kubafa, n'kunditchula dzina la malemu achemwali awo. Tinawathamangitsira kuchipatala usiku womwewo.

Anawatenga magazi. Sodiyamu, mchere wa m'magazi umene uyenera kukhala pakati pa 135 ndi 145, anali pa 118. Ine mumtima ndinati si nkhani, ndiziwathirira mchere wambiri m'ndiwo. Adokotala anapukusa mutu. "Mayi, mcherewo sunathe ayi. Wasukuluka ndi madzi, ngati tiyi amene mwathiramo madzi ochuluka." Khansa ya mtundu wa small cell, imene bambo ali nayo, imatha kutulutsa homoni ya ADH, yomwe imauza impso kuti zisunge madzi. Vutoli amati SIADH.

Koma sanangolitchula. Anayeza mkodzo, n'kupeza kuti ndi wokhathamira komanso uli ndi sodiyamu wambiri, pamene magazi ndi osukuluka. Pofufuza zina zimene zingatsitse sodiyamu, anayeza chithokomiro ndi homoni ya cortisol, anawadina miyendo kuona ngati yatupa, anandifunsanso ngati amamwa mapiritsi a BP aja okodzetsa, poti nawonso amatsitsa sodiyamu.

Popeza mutu unali utasokonekera, anawaika dilipi ya mchere wamphamvu, ya 3 peresenti, pang'onopang'ono, akumawatenga magazi pakangopita maola ochepa. Ine ndinkafuna nambala ikwere msanga. Anesi anandikhazika pansi n'kundiuza kuti ikakwera kuposa 10 pa maola 24, ubongo ukhoza kuwonongeka osabwereranso. Ndinasiya kuwakakamiza.

Chimene chinandiwawa ndi chotsatira. Anati bambo asamapitirire mamililita 800 a zakumwa patsiku, kuphatikizapo tiyi, phala lamadzimadzi ndi msuzi womwe. Ndinagula botolo, n'kulemba mizere ndi cholembera, ndipo kapu iliyonse ndinkailemba m'kope. Masana kukatentha ankandiyang'ana milomo itauma gwa, "Mwana wanga, ndipatseko pang'ono chabe." Kwathu munthu sumumana madzi, ngakhale mlendo wongodutsa, nanji bambo ako okubereka. Ndinkanyowetsa kansalu n'kuwapukuta milomo, kuwapatsa kachidutswa ka ndimu kuti ayamwe, kenako n'kutuluka panja kukalira. Abale obwera ndi thobwa m'zigubu ndinkawalandirira pakhomo la wodi, ena mpaka anandikwiyira.

Pa tsiku lachisanu tili m'chipatala, bambo anandiitana ndi dzina langa, n'kufunsa ngati tagula feteleza.

Adokotala anali atanena kale kuti gwero la vutoli ndi chotupa cha khansa ija. Atayamba kemo, mankhwala a khansa, ya carboplatin ndi etoposide, sodiyamu anakhazikika, madzi anawawonjezera. Anatichenjeza kuti akadzatsikanso mwina ndiye kuti khansa yadzukanso, choncho ulendo uliwonse wa kuchipatala ndimapempha kuti ayeze, ndipo nambalayo ndimailemba m'kope lomwe lija.