Mbiri ya moyo wanga, gawo la 17: M'mimba mwa Spitfire

M'gawo lapitalo ndinafotokoza mmene ndinasiyira ntchito yowongola magalimoto ochita ngozi pa galaja ina ya kum'mawa kwa England, nditalembedwa pa kampani yaing'ono yokonza ndege zakale za nkhondo kuti ziulukenso. Lero ndikufuna kulongosola ntchito yeniyeniyo, chifukwa abale anga kumudzi akamva kuti ndimakonza ndege ya mu 1940, amaganiza kuti timangoipukuta fumbi, n'kuithira mafuta, basi n'kuiliza.

Ndege yoyamba imene ndinaigwira inali Spitfire, ndege yankhondo ya ku Britain ya munthu mmodzi, ndipo inabwera pa mathebulo awiri ndi m'mabokosi angapo. Munali zidutswa za aluminiyamu zopindikapindika zimene zinkayoyoka ngati ufa ukazikanda ndi chala, chitsulo cha mwendo umodzi wa tayala, injini yong'ambika pambali yodzaza dothi louma, ndi kachitsulo kakang'ono kosakwana pachikhatho kolembedwa manambala a ku fakitale. Kachitsulo kameneka ndi kamene bwana wathu, bambo wachikulire amene anayamba ntchito ya ndege ali mnyamata ku Royal Air Force, gulu la asilikali a ndege a ku Britain, ankakasunga m'kabati yokiya, pomwe zina zonsezo zinkangokhala poyera. Ndinadabwa nazo, koma sindinafunse msanga.

Kuti mumvetse chifukwa chake zitsulozo zinawola chonchi, muyenera kudziwa kuti amene ankapanga ndegezi sankaganiza zoti zidzakhalitsa. Spitfire inajambulidwa ndi R. J. Mitchell wa kampani ya Supermarine ku Southampton, ndipo yoyamba inauluka pa 5 Marichi 1936 pa bwalo la Eastleigh. Mitchell anamwalira ndi khansa mu 1937, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe, koma ndege yakeyo inapitirira kupangidwa mpaka zinaposa 20,000, zambiri mwa izo ku fakitale ya Castle Bromwich pafupi ndi Birmingham. Pa nthawi ya nkhondo ndege inkatha kutuluka m'fakitale mwezi uno n'kugwetsedwa mwezi wamawa, choncho panalibe chifukwa chodera nkhawa za dzimbiri la zaka makumi asanu ndi atatu. Mariveti (timisomali tokhomera zitsulo pamodzi) ambiri amene anamangira khungu la ndegeyi anali osakaniza ndi magnesium, chitsulo chopepuka koma chosachedwa kudyeka chikakumana ndi chinyontho, moti lero ukagogoda riveti yotere mutu wake umangothothoka. Ndiye chifukwa chake ngakhale Spitfire imene sinagwepo, imene inangokhala pa chipata cha kampu ya asilikali ngati chokongoletsa, imayenera kumasulidwa yonse ndi kumangidwanso ndi mariveti atsopano isanaloledwe kunyamuka.

Ine manja anga anakulira ku Ndirande, kwa amalume anga amene ankakhoma ndowa, mbaula ndi zothirira mbewu, ndipo pambuyo pake ndinaphunzira kuwongola magalimoto. Kumeneko mmisiri amatamandidwa chifukwa chodziwa kuzemba vuto: chitsulo chikasowa amadula cha pa galimoto ina, pakang'ambika amawotcherera, pakatsala dzenje amapaka fila n'kupala mpaka posalala. Luso limeneli sindilinyoza, chifukwa ndi limene linandilipirira sukulu, komanso ndi limene limayendetsa maminibasi ambiri a mu Blantyre. Koma bwana wathu atandiona ndikugwira nyundo, anandiuza mosabisa kuti manja anga awakonda, koma nzeru zanga zozembera mavuto ndizizisiya pakhomo m'mawa uliwonse, ndidzazitenge poweruka. Pa khungu la Spitfire sawotcherera, sapaka fila, ndipo salowetsa chitsulo chongofanana ndi chimene chinalembedwa pa pulani.

Mapulaniwo ndi makope a zojambula zakale za ku fakitale, zina zosaoneka bwino, ndipo miyeso yake yonse ili m'mainchi. Mabawuti ndi manati ake ndi a miyeso yakale ya ku Britain, ya BSF ndi BA, kotero kuti masipanala anga onse a mamilimita amene ndinabwera nawo monyadira anangokhala m'bokosi. Pepala lililonse la aluminiyamu limafika ndi satifiketi yosonyeza kumene linapangidwa ndi nambala ya gulu lake, ndipo nambalayo imalembedwa pa khadi la ntchito pamodzi ndi dzina la amene wadula, amene wapinda ndi amene wayendera. Woyenderayo akapanda kudinda chidindo chake, chidutswacho sichikwera pa ndege ngakhale chikongole bwanji. Mapepala onsewa ndi amene bungwe loyang'anira za ndege ku Britain la Civil Aviation Authority limadalira popereka chilolezo choti ndegeyo iuluke, ndipo pofika kumapeto amadzaza mashelefu.

Thupi la Spitfire limamangidwa pa chimango chachikulu chachitsulo chotchedwa jigi, chimene chimagwira nthiti za ndegeyo pamalo ake enieni kuti thupilo lisapotoke. Nthitizo zili ndi manambala, ndipo yofunika kwambiri ndi ya nambala 5, pamene pamagwira injini ndi mapiko, pomwe ya nambala 19 ndi pamene pamalumikizidwa mchira. Kuchokera kumbuyo kwa mpando wa woyendetsa, thupilo limanka lichepa mpaka kumchira, ndipo popeza kukhoma riveti kumafuna anthu awiri, wina kunja ndi mfuti ya mpweya, wina m'kati ndi chitsulo cholemera chotsekereza, pamafunika munthu wochepa thupi woti akwawire m'menemo. Anzanga onse anali madoda a mimba zawo, choncho ntchitoyo inagwera ine popanda kuvota.

Ndinkalowa chafufumimba, nyali ili pamphumi, zotseka m'makutu zili m'malo, n'kugona chammbali pa thabwa lopyapyala, mkono umodzi utatambasukira kutsogolo. Mnzanga akalowetsa riveti pa bowo, ine ndinkaona kansonga kake katatulukira, n'kukanikiza chitsulo changa pamenepo molunjika, kenaka thupi lonse la ndegeyo linkalira mpaka mano kuchita dzanzi. Kuyankhulana kunali kosatheka, choncho tinkamvana pogogoda: kamodzi kutanthauza kuti awonjezere, kawiri kuti yakhala bwino, katatu kuti yapindika ndipo iyenera kubooledwa n'kuchotsedwa. Mariveti ena tinkawatenga mufiriji, chifukwa akawotchedwa mu uvuni kuti afewe amayambanso kuuma okha akakhala pa mpweya wamba, ndipo kuzizira ndi kumene kumachedwetsa kuumako. Ndikatuluka madzulo khosi linkakana kutembenuka, koma ndikayendetsa chikhatho pa mzere wa mariveti osamva ngakhale umodzi wotumphuka, kutopako ndinkakuiwala.

Za mariveti osalalawa pali nkhani imene amisiri a ndegezi amakonda kuuza wobwera kumene. Popeza riveti ya mutu wosalala imadya nthawi ndi ndalama kuposa ya mutu wotumphuka, akatswiri a Supermarine anamata nsawawa zogawa pakati pa mitu ya mariveti a ndege yoyamba ija kuti aone kuti liwiro litsika bwanji, kenaka n'kumazichotsa pang'onopang'ono mpaka atadziwa malo amene kusalala kunali kofunikadi. Ndimaikonda nkhaniyi chifukwa imasonyeza kuti nzeru za ku Ndirande zinaliponso ku Southampton, kungoti zinali ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo inatha pamene pulani inasainidwa.

Pamene luso langa lakale linandithandiza kwenikweni ndi pa makina opindira zitsulo otchedwa English wheel, amene ali ndi magudumu awiri achitsulo okanikizana. Spitfire ilibe malo ambiri owongoka, ndipo zophimba injini ndi zolumikizira phiko ku thupi zimapindika mbali ziwiri nthawi imodzi. Umayendetsa pepala la aluminiyamu pakati pa magudumuwo, kupita ndi kubwerera, kwinaku ukuliyesa pa chikombole chamatabwa, ndipo chimene chimakuuza kuti pano patambasuka mokwanira ndi chikhatho, osati maso. Apa ndi pamene bwana wathu anasiya kuima kumbuyo kwanga.

Injini sitinkaikonza tokha, inkapita kwa akatswiri ena, chifukwa Rolls-Royce Merlin ya masilinda 12 ndi malita 27 ndi ntchito ya moyo wonse payokha. Chiwongolero cha kumchira chimakutidwa ndi nsalu yosokedwa pamanja n'kupakidwa mankhwala oumitsa, monga zinalili kale. Zina zimasinthidwa dala: mfuti zenizeni sizibwereramo, wailesi imakhala yamakono, ndipo mawotchi akale a kutsogolo kwa woyendetsa amagwiridwa mosamala chifukwa utoto wake wowala usiku unali ndi radium, chinthu chotulutsa cheza choopsa m'thupi.

Thupi litatsala pang'ono kutha, ndinawerenga m'mutu zidutswa za m'mabokosi aja zimene zinakweradi pa ndegeyo, ndipo zinali zochepa kwambiri moti munthu mmodzi akanatha kuzinyamula. Ndinawaimbira foni amalume n'kuwafotokozera zimenezi, ndipo iwo ataseka anati, "Mphwanga, ndiye kuti inu kumeneko mukuumba ndege yatsopano n'kuiveka dzina la malemu." Ndinawayankha kuti, "Amalume, mwalasa, koma kodi kwathu mfumu ikamwalira, wolowa ufumu satenga dzina lomwelo, anthu n'kumamuwombera m'manja monga ankachitira ndi woyambayo?" Iwo anati zimenezo n'zoona pokhapokha ngati mbumba yonse ikudziwa mzere umene dzinalo ladutsa. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani ya kachitsulo kokiyidwa m'kabati kaja, chifukwa manambala ake ndi amene amalumikiza ndege ya lero ndi ndege inayake imene inatuluka m'fakitale tsiku lodziwika, n'kuuluka ndi gulu lodziwika la asilikali.

Chitsanzo chimene aliyense angakaone ndi maso chili ku Duxford, pafupi ndi Cambridge, kumene gulu la 19 Squadron linali loyamba kulandira ma Spitfire mu 1938. Ndege ya nambala N3200 inatera mokakamizika pa mchenga wa ku Sangatte, pafupi ndi Calais ku France, mu Meyi 1940, ikuyendetsedwa ndi Geoffrey Stephenson pa nthawi imene asilikali a Britain ankasamutsidwa ku Dunkirk. Inamira mumchengamo mpaka inafukulidwa mu 1986, inaulukanso mu 2014, ndipo chaka chotsatira inaperekedwa ku Imperial War Museum, bungwe losunga zinthu zakale za nkhondo, limene limaisunga ku Duxford komweko. Inzake ya nambala P9374, imene inagwa pa gombe la Calais mwezi womwewo, inagulitsidwa pa okushoni ku London mu 2015 pa mtengo woposa mapaundi 3 miliyoni. Aliyense amene anagwirapo aluminiyamu akudziwa zimene madzi amchere amachita pa zaka zoposa 40, choncho palibe mmisiri amene angakuuzeni kuti mapiko amene akuuluka lerowo ndi omwe aja a mu 1940.

Alipo akatswiri a mbiri yakale amene amadandaula kuti ntchito yathuyi imasokoneza anthu, ndipo kuti chidutswa chowola chimene chinaonadi nkhondo chili ndi phindu kuposa ndege yonyezimira. Ine ndimawamvetsa, koma sindigwirizana nawo kwathunthu. Chimene chimapulumuka m'shedi ngati yathu ndi kapangidwe kake, ndiko kuti miyeso, mtundu wa chitsulo, kakhomedwe ka riveti ndi kulira kwa injini, ndipo zimenezi sizingasungidwe m'kabati yagalasi ngati palibe anthu amene akuzichitabe ndi manja. Chimene ndimadana nacho ndi wogulitsa amene amabisa kuchuluka kwa zitsulo zatsopano kuti akweze mtengo. Kwathu zidutswa zonse zakale zimene sizinakwere zinkaikidwa m'mabokosi, n'kulembedwa, n'kupita limodzi ndi ndegeyo kwa mwini wake, kuti wina asadzazitole n'kumanga ndege yachiwiri ya dzina lomwelo.

Thupi lija litatsitsidwa pa jigi, bwana wathu anandisamutsira ku mapiko, kumene msana wa phiko umapangidwa ndi mapaipi a makona anayi olowetsana lina m'kati mwa linzake, ochuluka kumene phiko lagwira thupi n'kumachepa kunka kunsonga. Ntchito imeneyo inafuna kuti ndibwerere m'kalasi madzulo ndili ndi ana awiri kale, ndipo za sukuluyo ndi mmene tinagawanira ndalama ndi mayi a kunyumba ndidzafotokoza m'gawo la 18.