Katsamba ka nyimbo za kwaya: pomwe ndafika

Ntchito yosamutsa nyimbo zakale za kwaya yathu kuchoka pa makaseti ija yasuntha ndithu. Matepi onse omwe sanachite nkhungu ndi chinyontho cha kuno ku Mzuzu ndawalowetsa mu kompyuta, phokoso ndachepetsa ndi pulogalamu ya Audacity, ndipo nyimbozo zili pa katsamba kanga ka pa intaneti tsopano. Chomwe chandidyera nthawi mwezi uno ndi ma browser, mapulogalamu otsegulira masamba a pa intaneti.

Pa laputopu palibe vuto. Kaya Chrome, Edge, Brave kapena Opera, ukangodina nyimbo imalira. Sizodabwitsa, popeza onsewa anamangidwa pa maziko amodzi otchedwa Chromium: Opera anasamukirako mu 2013, Edge mu 2020. Amangosiyana malaya. Firefox ndiye ali ndi injini yakeyake, Gecko, n'chifukwa chake ndimayesanso pamenepo, ndipo nakonso zikuyenda.

Koma anzanga oimba nawo a ku Chibavi ndi ku Zolozolo satsegula pa laputopu. Ambiri ali ndi ma itel ndi ma Tecno, ndipo ena amadalira browser ya pa foni yotchedwa Opera Mini. Ameneyu amagwira ntchito mwanjira ina. Ukamuika posunga data kwambiri, tsamba limayamba ladutsa ku maseva a Opera, kumeneko amalifinya, kenako n'kulitumiza pa foni litapepuka. Bundle imakhalitsa, koma zinthu zodalira kwambiri JavaScript, chilankhulo cha kompyuta choyendetsa zinthu pa tsamba, sizifika zonse zamoyo. Kosewerera nyimbo kokongola komwe ndinaika kanali ka mtundu umenewo. Ndakachotsa. Pano pali dzina la nyimbo, liwu loti "Koperani", ndi kukula kwa fayilo pambali pake. Kukulako ndi kumene anthu amayamba kuyang'ana. MP3 ya 128 kbps (muyeso wa data yomwe nyimbo imadya pa sekondi) imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ndiye nyimbo ya mphindi 5 imakhala cha m'ma 5 MB, pomwe pa 320 kbps ikanafika 12 MB. Kwa nyimbo yochoka pa tepi yotopa, makutu anga sakumva kusiyana koti munthu n'kulipirira.

Zimenezi zandiganizitsa za otsatsa malonda. Browser aliyense akuti ndi wachangu, ali ndi AI, amateteza zinsinsi zako. Sindinakumanepo ndi munthu pa depoti kapena ku Katoto yemwe anasankha browser chifukwa cha mawu amenewa. Munthu amagwiritsa ntchito chomwe anachipeza mufoni tsiku logula, kapena chomwe mwana wa achemwali anamuikira. Makampaniwo akudziwa bwino. Google imalipira Apple ndalama zankhaninkhani kuti ikhale yofufuzira ya pa Safari, browser ya Apple, ndipo ndalama zambiri za Mozilla, eni ake a Firefox, zimachokeranso ku mgwirizano wotere. Boomplay, pulogalamu yomvetserera nyimbo, nayo imabwera ili kale m'ma Tecno, itel ndi Infinix, poti Transsion, yopanga mafoniwa, ili ndi dzanja mmenemo. Inzake ya Spotify inafika ku Malawi mu 2021, komabe anyamata oika nyimbo m'ma memory card mu msika sanasowe makasitomala.

Ine kutsatsa kwanga ndi status ya pa WhatsApp basi. Ndikaika link, mayankho ake amafanana: "Achimwene, tangotumizani nyimboyo konkuno, bundle yanga ndi ya WhatsApp." Poyamba ndinkaumirira kuti alowe pa tsamba. Pano ndimatumiza, kungoti m'dzina la fayilo ndimalembamo dzina la kwaya ndi chaka chomwe tinajambula, kuti ikamayenda m'magulu isasanduke "AUD" ndi manambala, mayina omwe WhatsApp imapereka.

Chatsala n'kulemba amene anapeka nyimbo iliyonse. Zina ndi za m'buku la nyimbo za mpingo, zina anapeka akuluakulu omwe anatisiya, ndipo ndikufuna kukamva kwa a COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso m'Malawi, za ufulu wa eni ake ndisanaike matepi a Chitumbuka omwe amayi ena a ku Luwinga andibwereka.